Chitsulo nacho chimatopa

Ndinakang'alula Loweruka masana, pakhonde, ndi manja anga omwewa. Palibe amene anandigunda chigongono. Ndinkakawongolera pa bondo ngati waya woyanikapo zovala, uku pang'ono, uko pang'ono, ndipo ulendo wachitatu kanangoti the! pomwe panali popindika paja. Sikanaduke, koma mng'alu unafika pakati. Mayi akunyumba anali pomwepo akusankha nyemba m'lichero. Anadzutsa mutu, kuyang'ana kachitsuloko, kuyang'ana ine, n'kubwerera ku nyemba zawo. Bola akanandikalipira.

Kachitsulo ndikunenaka ndi kaja konyezimira kozungulira galasi lakutsogolo la galimoto zakale. Kamabwera m'zidutswa ziwiri zokumana pakati, chilichonse chopindika ngati chigwiriro cha ndowa, chopepuka moti mwana angachinyamule ndi zala ziwiri. Papita miyezi tsopano, koma za kachitsuloko ndi za madala amene anakapulumutsa sizikuchoka m'mutu mwanga.

## Benz ya pansi pa mango

Galimotoyo ndi Mercedes-Benz 240D ya 1982, mtundu umene odziwa amautcha W123. Zinapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, ndipo iyi mapepala ake akusonyeza kuti inalumikizidwa ku East London, ku South Africa. Malume anaigula kwa munthu wina atapuma ntchito ku Capital Hill, ndipo ankaiyendetsa ngati anyamula mazira. Atatisiya, inakhala pansi pa mtengo wa mango ku Area 25 zaka 11, nkhuku zikuikira kunsi kwake. Anyamata ogula zitsulo zakutha anafika kangapo ndi sikelo yawo. Akazi a malume ankawabweza, mpaka tsiku lina anandiimbira foni: "Bwerani mudzatenge galimoto ya malume anu isanasanduke mapoto."

Sankanena nthabwala. Aluminiyamu wa m'galimoto zakufa ndi amene amasungunulidwa n'kukhala mapoto okhuthala aja a pamsika.

Za injini sindichulukitsa gaga. Ndi ya dizilo, masilinda anayi, yopanda kompyuta. Batire latsopano, mafuta atsopano, kupopa kuchotsa mpweya m'mapaipi, inatsokomola utsi wakuda n'kudzuka. Dzimbiri la pansi tinadula n'kuwotcherera. Penti anathira pa galaja ina ku Biwi, ndipo pamenepo ndi pamene mavuto anga anayambira.

Mnyamata wina wa pagalajapo, pofuna kuti penti ifike m'mphepete mwa galasi, anazula kachitsuloko ndi sikuludiraiva. Pa galimoto zimenezi kachitsuloko kamalowa mu labala wa galasi, galasi lisanaikidwe pa galimoto. Pochotsa, umayamba watulutsa galasi ndi labala wake, kapena kudula labala wakaleyo ndi mpeni, kenako kachitsulo kamatuluka kokha. Ukakazula galasi lili pomwepo, paliponse pamene sikuludiraiva yatsamira pamatsala denti. Ndinawerenga madenti 9 pa chidutswa chimodzi, china chitapindikiratu pakona. Mnyamatayo sindimuimba mlandu kwambiri. Wakulira pa Vitz ndi Sienta, zimene magalasi ake amamatidwa ndi guluu ndipo zokongoletsa zake ndi pulasitiki.

## Si kromu ayi

Kugalaja chilichonse chonyezimira amangoti makromu. Bampala ya Benz imeneyi ndi kromu ndithu, chitsulo cholimba chokutidwa. Koma ka pagalasika ndi aluminiyamu. Kufakitale amakapukuta mpaka kawale, kenako amakaviika mu asidi n'kudutsitsamo magetsi, ndipo pamwamba pake pamamera khungu lolimba, loonekera ngati galasi, lopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Ntchito imeneyi ndiye anodising. Khungulo limateteza chitsulo kwa zaka zambiri, koma dzuwa ndi mvula za zaka 40 zimalisandutsa mbuu ngati diso la ng'ala. Ndinatha chitini chonse cha Brasso ndisanadziwe zimenezi. Ndinkapukuta khungu, chitsulo chili phee kunsi kwake.

Ndinafufuza chatsopano pa intaneti. Chinapezeka ku Germany, mtengo wake m'mayuro. Apa n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zikusowa. Nditaphatikiza ndi zotumizira katundu wautali wosachedwa kupindika ngati ameneyu, ndalama yake inali ya feteleza wa munda wonse wa kumudzi. Ndinatseka kompyuta n'kunena kuti ndikonza ndekha.

Ndinayamba ndi kuchotsa khungu lija ndi kositiki soda, yemwe uja amapangira sopo. Amathiridwa m'madzi ozizira pang'onopang'ono, osati madzi kuthiridwa pa iye, panja, utavala magolovesi ndi zoteteza maso, chifukwa amawotcha thupi ndipo akakumana ndi aluminiyamu amatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umayaka. Zonsezi ndinatsata. Chimene sindinatsate ndi wotchi. Soda akamaliza khungu saima, amapitirira kudya chitsulo chenichenicho. Ndinaviika mbali imodzi m'bafa la pulasitiki, foni n'kulira, ndipo inali nkhani ya maliro a kuntchito. Pobwerera madzi anali thovu lokhalokha, mbali ija yada bii, ndipo nditatsuka inali ndi timaenje ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba.

Kenako hamala. Ndinagoneka chidutswa cha madenti pa vaisi n'kumamenya kumbuyo. Madenti anatuluka, inde, koma anatuluka n'kupitirira, pamene panali dzenje panabwera chulu. Chidutswa chinacho ndi chija cha pa bondo.

Mayi akunyumba anayankhula Lamulungu madzulo, tikudya. "Bwanji osapita nazo kwa madala aja anatikhomera ndowa ku Mchesi?"

Ndinaseka. Benz kwa wokhoma zidebe?

Lolemba ndinapita.

## Sopo wa pa okala

Ukadutsa a mipando ndi a mabokosi, kuseri kwa phokoso la magirayinda, pali kachisakasa ka malata akale. Panja pamakhala ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu, ndipo pakati pali chidutswa cha njanji chimene amakhomerapo. Madalawo anali atakhala pa kampando kafupi, magalasi omangidwa ndi ulusi ali pamphuno.

"Wawa madala, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu achimwene. Mwatitengera chiyani?"

Ndinavundukula chitenje chimene ndinakulungira. Analandira chidutswa cha madenti ndi manja awiri. Sanachiyang'ane kwenikweni. Anayendetsa chala chachikulu kuchokera kunsonga mpaka pakona, maso ali kumsewu, kenako anachiika pafupi ndi khutu n'kuchigogoda ndi chikhadabo malo angapo.

"Wamenya ndani?"

"Anyamata a kugalaja, madala."

"Apa ndi anyamata. Apanso ndi anyamata." Chala chinaima pa chulu china. "Nanga apa?"

Ndinayang'ana ndowa.

"Ndine."

"Munatsamiritsa pa chiyani?"

"Pa vaisi."

"Eee." Anangoti choncho, koma eee wake anali wautali.

Anati chitsulo chofewa ukachimenya pakati pa zitsulo ziwiri zolimba chimachita ngati ufa wa mandasi pansi pa botolo: chimapyapyala n'kufutukuka, ndipo poti chilibe kolowera, chimatumphuka. Atatenga chong'aluka chija anapukusa mutu. "Ichi ndiye mwachitopetsa. Mukachipinda kamodzi chimauma mtima. Mukachibweza chimaumiratu. Kachitatu sichipindikanso, chimang'aluka." Ndinali nditawerengapo zimenezi m'Chingerezi usiku wina, za chitsulo chimene chimalimba chikamapindidwa, koma zinalowa m'mutu tsiku limenelo.

Anaitana kamdzukulu kawo n'kukatuma pa okala kukagula kachidutswa ka sopo wochapira. Ine ndinkayesa akufuna kusamba m'manja. Anapaka sopoyo kumbuyo kwa chitsulo, pamalo opindika ndi pa zulu zanga zija basi, ngati mwana akulemba ndi choko. Anakupiza mbaula mpaka makala anati psuu, n'kuyamba kudutsitsa chitsulocho pamwamba pa moto, osachigoneka, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera.

"Njanji iyi ikapsa imafiira, imakuchenjeza," anatero osandiyang'ana. "Ichi sichinena kanthu. Chimangokhala chete, kenako waona chagwa ngati phala."

Ndi zoona. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, asanafiire moti diso n'kuona masana. Sopo ndiye amakhala mlonda. Anayamba kuchita chikasu, kenako kofiirira, ndipo atangoda, pafupifupi madigiri 400, madala anachotsa msanga n'kuika pambali. Chitazizira anandipatsa kuti ndipinde pang'ono pakona paja. Chinamvera chala ngati nthochi yakupsa. Chitsulo chomwe chija chinakana bondo langa Loweruka.

Hamala yawo yaikulu sanaikhudze. Anatola kamtengo ka mlombwa n'kukasema ndi mpeni mpaka nsonga yake inafanana ndi mimba ya kachitsuloko. Pansi anaika thabwa lofewa la paini, malo ena sokosi yakale yodzaza mchenga. Ndiye kho, kho, kho, ndi kahamala kochepa ngati ka wokonza nsapato. Sankayambira pakati pa denti. Ankazungulira m'mphepete, kulowera pakati pang'onopang'ono, akamenya kasanu n'kutembenuza, chala n'kudutsapo. Pa denti imodzi yaikulu ngati nyemba ndinawerenga mpaka 60 n'kusiya kuwerenga.

Anandipatsa kuti ndiyese. Nditamenya kawiri anandigwira dzanja.

"Mukumenya ngati chinakudyerani ndalama. Lekani hamala igwe yokha."

Za mng'alu uja ndinafunsa ngati tingapite nacho kwa owotcherera. Anakana ndi mutu. Pamenepanso anali ndi mfundo: aluminiyamu akangokhudzana ndi mpweya amadzipangira kakhungu kamene sikasungunuka mpaka kupitirira madigiri 2,000, ndiye pa kanthu kopyapyala chonchi m'kati mumasungunuka kunja kukadali gwa, ndipo wosazolowera amangoboola. Iwo anaboola kabowo kakang'ono ngati ka singano kumapeto kwenikweni kwa mng'aluwo kuti usapitirire, anakumanitsa milomo yake, n'kudula kachigamba pa chivundikiro chakale cha poto. Anati ndikamate kumbuyo ndi guluu uja wosakaniza machubu awiri, ntchito yonse ikatha.

## Pamene anabisa tupa

Dzuwa litapendeka, anatulutsa cholembera chakuda chija cholembera pa makatoni n'kudetsa pamwamba ponse pamene tinakhoma. Anatenga tupa wosalala, kumupaka choko kuti aluminiyamu asamatirire m'mano mwake, n'kumudutsitsa mopepuka, mopingasa. Pokwera panawala. Potsika panatsala pakuda. Mwadzidzidzi chitsulo chimene diso langa linkati chawongoka chinali ndi mawanga ngati nkhanga. Anatembenuza, kho kho pansi pa wanga lililonse, kudetsanso, tupa kachiwiri. Mawanga anachepa. Kachitatu anatsala atatu, onse kumbali ija inagonera mu soda, ang'onoang'ono ngati mapira.

Mtima wanga unali utayamba kale kuvina. Ndinkaona galimoto itaima pa Capital Hill, galasi likuti waliwali.

Madala anapukuta tupa pa thalauza, anatsegula chitini chawo cha zida, anamuikamo n'kutseka.

"Madala, atsala atatu."

"Ndawaona."

"Timalize basi, kamodzi kokha."

Anandipatsa chitsulocho. "Tsinani apa. Tsopano tsinani apa." Pamalo abwino chinali cholimba. Pa mawanga paja chinabonyoka pansi pa chala changa ngati chitini cha Fanta. Analoza pa bondo lawo, pamene panali fumbi loyera lonyezimira.

"Kuwala mukukufunaku ndi uku kwagwera apaku. Tupa saika kanthu, amangochotsa. China anadya mankhwala anu aja, china inadya hamala yanu. Ine ndatengapo changa. Chatsalachi ndi cha galimoto."

Ndinanena mawu amene ndikuchita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati ndiwonjezera ndalama.

Sanakwiye. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Achimwene, ndikadutsitsa tupa kamodzi, mwina zitheka. Mwina tiona dzuwa kudzera pamenepo. Mukatero mubwera ndi china?"

China ndinalibe. Ku Lilongwe konse kuno mwina chilipo pa galimoto ina yogona kuseri kwa nyumba ya munthu, koma mwini wake nayenso akuisunga ngati mmene ankasungira akazi a malume. Ndinalipira zimene ananena, zimene sizinafike n'komwe pa mtengo wa Brasso ndi soda ndinawononga, ndipo ndinakwera minibasi nditakwiya. Ndinakwiya mpaka pa depoti. Ndikuwoloka mlatho wa Lilongwe ndi chitenje changa m'khwapa, anthu akundigunda uku ndi uku, ndinazindikira kuti ndachikumbatira ngati khanda, ndipo dzanja langa laphimba malo a mawanga aja.

## Sandipepa ndi madzi

Zotsalazo zinali za kunyumba, madzulo ndikaweruka. Ndinamangirira chidutswa chilichonse pa thabwa ndi tepi kuti chisapindikenso. Sandipepa wa m'madzi, kuyambira wokhakhala wa nambala 400, kenako 600, 800, 1000, 1500 mpaka wosalala kwambiri wa 2000, m'madzi muli kadontho ka sopo. Ukasintha nambala umasinthanso kolowera, kuti uone ngati mizere ya sandipepa wam'mbuyo yatha. Ukadumpha nambala, mizereyo imadzaonekera pomaliza, chitsulo chitawala kale, ndipo umabwerera. Ndinabwerera kamodzi. Pa mawanga atatu paja ndinayambira pa 1000, ndipo ndinangodutsapo ngati ndikupukuta diso la mwana.

Mnzanga wina anandibwereka makina opukutira a gudumu la nsalu. Ndinawabweza osawalumikiza n'komwe ku magetsi. Gudumu limenelo likakola m'mphepete mwa kanthu kopepuka chonchi limakalanda m'manja n'kukaponya kukhoma katapindika ngati chingwe. Waya wotsukira mapoto nayenso ayi: amasiya tizidutswa tachitsulo m'aluminiyamu, ndipo mvula ikagwa timachita dzimbiri. Ndinagwiritsa ntchito mankhwala opukutira zitsulo a Autosol ndi malaya akale a thonje. Nsalu imada bii, ndipo poyamba ndinkasangalala kuti litsiro likuchoka. Tsopano ndikaona kudako ndimakumbukira fumbi la pa bondo la madala.

Chitsulo chopanda khungu lake chimawala kuposa mmene chinatulukira kufakitale, koma chili pamtunda. Chimafuna phula lopukutira galimoto pafupipafupi, makamaka m'dzinja, apo ayi chimayamba kuchita mbuu. Ndi ngongole imene ndinadzitengera ndekha tsiku la soda lija.

Pa pepala langa la ntchito ndinali nditalemba kuti tizitsulo tonse ta m'mazenera a zitseko, ndi ta galasi lakumbuyo, tilowe m'bafa lomwelo. Ndinafufuta mzere umenewo. Ndinangotitsuka ndi sopo, kupaka phula, basi. Tili mbuu pang'ono, ndipo ukayandikira umaona kuti ta kutsogolo n'towala kuposa tinzake. Anzanga a pa gulu lathu la WhatsApp la okonda galimoto zakale anandinena kuti ndasiyira ntchito panjira. Amaonera mavidiyo a pa YouTube, mmene mzungu amapukuta chitsulo mpaka kumetera ndevu pamenepo. Sindikutsutsa luso lake. Koma tayang'anani kumbuyo kwake pa shelefu: pali zina zitatu zofanana nacho. Akaboola chimodzi amadula vidiyo n'kutenga china.

Chiwongolero chimene ndinkafuna kuchikuta ndi chikopa chatsopano ndinachisiyanso. Pamene malume ankagwira m'posalala kuposa pena ponse.

## Ndowa zisanu ndi imodzi

Galasi tinaliika ndi bambo wina wachikulire amene anagwirapo galimoto zoterezi kale. Labala watsopano kuzungulira galasi, kachitsulo kulowa mu labala galasi lili pa tebulo, chingwe m'ngalande ya labalayo, awiri kukankha kunja, mmodzi kukoka chingwe m'kati. Pamene chingwe chinkadutsa pakona ya mng'alu ndinatseka maso. Chigamba cha poto chinagwira.

Loweruka lotsatira ndinapita nayo ku Mchesi. Msewu wolowera ku chisakasa chija ndi wa maenje, ndipo ndinayenda ngati malume. Ana anaizungulira. Madala anadzuka pa kampando kawo, anapukuta manja, n'kubwera osayang'ana penti, osayang'ana nyenyezi ya pa boneti. Anaika chala chachikulu pa kachitsulo kaja n'kuchiyendetsa, maso ali kumsewu. Chinaima katatu.

"Alipo," anatero.

"Alipo, madala."

"Mukupaka chiyani?"

"Phula."

"Nsalu yofewa. Musamakhule."

Kenako anasuzumira kumbuyo n'kufunsa ngati buti yake ndi yaikulu. Anali ndi ndowa zisanu ndi imodzi zoti zikafike kumsika waukulu ku Old Town, ndipo wa njinga amene amawanyamulira anali asanabwere chim'mawire. Zinayi zinalowa m'buti, ziwiri pa mpando wakumbuyo, titayala chitenje chomwe chija. Iwo anakhala kutsogolo, chipewa chili pa bondo, ndipo pa hampu iliyonse ndowa zikalira ankakweza dzanja kuti ndichepetse liwiro.